Juni wa ku Lilongwe ndi kansomba ka ku Venezuela

Magetsi anazima cha m'ma 9 koloko usiku, ndipo ine sizinandikhudze n'komwe. Nsima tinali titadya kale, mafoni anali odzaza, ana atagona. Ndinangokoka bulangete n'kugona tulo ta munthu wopanda ngongole. Unali mwezi wa Juni, masiku aja kuno ku Area 25 ukatuluka m'mamawa mpweya wa m'kamwa umachita kuoneka ngati utsi, a kabaza atavala masokosi m'manja.

Cha m'ma 5 ndinadzuka, magetsi asanayakebe. Ndinaunika ndi tochi ya pafoni mu thanki yanga ya galasi yowetera nsomba ya pabalaza. Themometa imene dzulo lake inkaloza madigiri 28 inali pa 19. Tinsomba totchedwa ma guppy tinkangoyendayenda ngati palibe chachitika. Koma tinsomba tiwiri timene ndinagulira thankiyo tinali titakhala pansi pakona, zipsepse zitapindika, buluu yense uja atathima, tikupuma mwabefu. Patatha masiku atatu ndinaona timadontho toyera pathupi pawo ngati wina watiwaza shuga. Sabata isanathe kakamuna kanafa, kakakazi n'kutsatira mawa lake.

Mayi akunyumba anayang'ana kamtembo kali pa supuni aja n'kunena kuti, "Abambo, ndalama zija tikanagula nkhuku bwenzi titamwako msuzi." Ndinasowa choyankha. Kansombako kutalika kwake sikafika ngakhale chala changa chamkombaphala.

Dzina lake m'mabuku ndi Mikrogeophagus ramirezi. Ogulitsa amangoti ram, kapena German blue ram, ndipo ine kunyumba ndimangoti karamirezi. Ku Germany si kwawo. Kumeneko n'kumene oweta anasankha ndi kuchulukitsa mtundu wowala kwambiriwo. Kwawo kwenikweni ndi kumadambo otentha a m'chigwa cha mtsinje wa Orinoco, ku Venezuela ndi ku Colombia, dera limene eni ake amalitchula kuti llanos. Akatswiri awiri, Myers ndi Harry, ndi amene anakalemba koyamba m'mabuku a sayansi mu 1948, n'kukapatsa dzina la Manuel Ramirez, munthu amene ankagwira ndi kugulitsa nsomba zoterezi. Mawu oti Mikrogeophagus akutanthauza kanthu kakang'ono kodya dothi, ndipo dzinali silinama: tsiku lonse kamakhalira kutapa mchenga ndi pakamwa, kusefa tizakudya, n'kulavula. Kakakula kwambiri kamafika masentimita 5 kapena 6. Moyo wake ndi waufupi, zaka 2 kapena 3 basi, kakasamalidwa bwino.

Ndinakaona koyamba pa WhatsApp. Mnyamata wina wa mumzinda muno amene amagulitsa nsomba zoweta anaika kavidiyo, ndipo ndinakaonera mwina kakhumi. Mutu wachikasu, diso lofiira lodulidwa ndi mzere wakuda, thupi lothwanima buluu ngati chitenje chatsopano. Nditamufunsa ngati kamavuta kusunga anati, "Ayi biggie, ndi cichlid imeneyi, ngati mbuna zomwezi."

Apa m'pamene ndinagwera m'dzenje, ndipo sindimuda mnyamatayo chifukwa nanenso ndinkaganiza chimodzimodzi. Ife a ku Malawi mawu oti cichlid, dzina la banja lalikulu la nsomba, tikawamva timadzimva kuti ndife eni ake. Nyanja yathu ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko, ndipo ma cichlid okha amaposa 700. Chambo ndi cichlid, utaka ndi cichlid, mbuna za ku Cape Maclear zimene zinachititsa kuti UNESCO iike paki ya kumeneko pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984 nazonso ndi ma cichlid. Kwa zaka zambiri mbuna zakhala zikunyamuka ku Salima kupita m'mathanki a ku Ulaya. Ine kwathu ndi ku Nkhotakota, ndinakulira pa mchenga. Ndinkadziuza kuti mwana wa kunyanja sangalephere kusunga kachibale ka chambo.

Chibale chilipodi, koma ndi chija cha pamaliro, chofunika agogo kuti achilongosole. Madzi a nyanja yathu ali ndi michere yosungunuka yochulukirapo, ndipo pH yake, muyeso uja wosonyeza ngati madzi ali ndi asidi kapena ayi, imakhala pakati pa 7.7 ndi 8.6. Karamirezi kanachokera m'madzi osaya, opanda michere yambiri, okhala ndi asidi pang'ono, pH yake yosafika 7, amene dzuwa limawawotcha tsiku lonse. Mbuna ndi ndewu yokhayokha, imalimbirana mwala ngati anthu olimbirana malire a munda. Karamirezi ndewu yake ndi yongotambasula zipsepse n'kuthamangitsa mnzake kamtunda kochepa. Ukaziika pamodzi, kamwalira ndi mantha kasanalumidwe n'komwe.

Nditataya tiwiri toyamba tija ndinawerenga zambiri, ndipo funso limene anthu amafunsa kwambiri ndi lakuti kansombaka kangakhale ndi nsomba ziti. Funsoli ndi labwino, koma kwa ife a ku Lilongwe ndi lachiwiri. Loyamba n'lakuti kangakhale ndi nyumba yako? Kangakhale ndi Juni ndi Julayi wa mzinda uno?

Karamirezi kamafuna madzi a madigiri 27 mpaka 30, usana ndi usiku, chaka chonse. Nsomba zambiri zoweta zimakhala bwino pa 24 kapena 25, koma aka pamenepo kamakhala kali moyo chabe: sikadya bwino, chitetezo cha m'thupi chimatsika, matenda n'kulowa. Timadontho toyera tija ndi kachilombo kotchedwa Ichthyophthirius, anthu amangoti ich, ndipo kamakonda kugwira nsomba imene yangozizidwa kumene. Tsono Lilongwe ali pamtunda wa mamita opitirira 1,000 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Si Salima kuno, si Nsanje. M'nyengo yachisanu usiku kunja kumatsika mpaka pansi pa madigiri 10. Nyumba zathu zambiri ndi za malata, zopanda siling'i, mawindo a magalasi opingasa aja olowetsa mphepo. Madzi ochepa amazizira msanga. Kapu ya tiyi imapola ndowa isanapole. Thanki yanga yoyamba inali ya malita 40, yosavindikira, ndipo ndinaiika pafupi ndi windo kuti alendo aziiona akangolowa.

Hita yotenthetsera madzi ndinali nayo. Koma hita ndi waya chabe ngati magetsi palibe.

Ndinakhala miyezi ingapo thanki ili ndi ma guppy okha, kenako ndinawapereka kwa mnzanga n'kuyambiranso. Ulendo uno ndinayamba ndi kuzizira, nsomba pambuyo. Ndinapeza thanki ya malita 80 yokhala ndi chivindikiro, ndi hita ya mawati 100, potsatira kawerengedwe kofala koti lita imodzi imafuna pafupifupi wati imodzi. Ndinaichotsa pawindo n'kuiika kukhoma la m'kati. Pansi, kumbuyo ndi m'mbali ndinamata zoyera zopepuka zija zimabwera m'makatoni a firiji ndi TV, zimene ndinapempha pa shopu ina ku Area 2. Kutsogolo kokha n'kumene kunatsala galasi.

Magetsi akazima usiku wa chisanu pano ndili ndi mwambo wake, ndipo ana amaudziwa. Choyamba bulangete pamwamba pa thanki yonse. Chachiwiri mbaula panja, panja ndithu, osati m'nyumba, chifukwa utsi wa makala wosaoneka uja umapha anthu ali mtulo. Madzi akatentha ndimathira m'mabotolo awiri apulasitiki a malita awiri, osati owira chifukwa botolo limakwinyika, n'kutseka zolimba n'kuwayandamitsa mu thanki. Pakatha maola awiri kapena atatu ndimasintha. Kuthira madzi otentha mwachindunji ayi. Nsomba imadana ndi kusintha kwadzidzidzi kaya kopita kumwamba kaya pansi. Chachitatu kapampu kakang'ono ka mpweya kolumikiza ku power bank ya foni. Ndipo usiku umenewo ndi m'mawa mwake sindidyetsa. Nsomba yamoyo bwino imatha masiku awiri osadya popanda vuto, koma chakudya chowolera m'madzi osayenda ndi poizoni.

Ndikachita zonsezi, kukamacha themometa imakhala pa 26. Tulo ndiye timakhala tatha, koma 26 si 19.

Mu Okutobala nkhani imatembenuka. Malata akapsa masana madzi amatha kudutsa 31, ndipo madzi otentha amasunga mpweya wochepa. Pamenepo ndimangotsegula chivindikiro n'kulozetsa fani pamwamba pa madzi. Zimenezo sizivuta.

Kapampu ka mpweya kaja sikuti n'ka nsomba zokha. Pali ziweto zina mu thanki zimene sizioneka, ndipo ndi zimene ndinazipha kambirimbiri ndisanadziwe kuti zilipo. Ndowe za nsomba ndi zotsala za chakudya zimatulutsa ammonia, amene amawotcha nsomba mopumira. Mu siponji ya fyuluta yosefa madzi mumamera mabakiteriya amene amasandutsa ammonia kukhala nitrite, amenenso ndi woopsa, ndipo ena amasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene nsomba imapirira akakhala wochepa. Kuti mabakiteriyawa akhazikike mu thanki yatsopano pamatenga masabata 4 mpaka 6. Karamirezi sikoyenera kukhala koyamba kulowa. Kamafuna thanki imene yakhala ikuyenda miyezi iwiri kapena itatu. Ine tiwiri toyamba tija ndinatiika thanki ili ndi masiku asanu. Choncho chisanu chija chinangomalizitsa ntchito imene ndinali nditaiyamba kale.

Ndiye pali khalidwe lathu la Loweruka. Tinaleredwa kuti chinthu chaukhondo ndi chimene chakwechedwa mpaka kuyera mbuu. Ine ndinkatenga siponji ija kupita nayo pampopi, kuifinya, kuitsukuluza mpaka ioneke ngati yatsopano, n'kumadzitama. Osadziwa kuti klorini wa m'madzi a pampopi akupha mabakiteriya onse aja. Madzi amene timamwa mumzinda muno amachokera mumtsinje wa Lilongwe, umene umayambira ku Dzalanyama n'kusungidwa m'madamu a Kamuzu ku Malingunde, ndipo klorini amathiramo kuti ife tisadwale m'mimba. Kwa munthu ndi chitetezo, kwa thanki ndi mliri. Pano siponji ndimaifinya pang'ono m'ndowa ya madzi amene ndachotsa mu thanki momwemo, n'kuibwezera ikadali yofiirira. Sabata iliyonse ndimachotsa pafupifupi malita 20 n'kuthira ena amene ndathiramo mankhwala ochotsa klorini, atafundanso mofanana ndi a m'kati. Chinthu chimene kansombaka sikapirira ndi nitrate wochuluka. Ndimayesetsa kuti asadutse 20 pa timapepala toyezera madzi.

Amene mumatunga pa mjigo kapena pachitsime, yang'anani m'ketulo mwanu. Ngati pansi pamachita zoyera zolimba, ndipo sopo amachedwa kuchita thovu, madzi anuwo ali ndi michere yambiri, abwino kwa mbuna ndi ma guppy, osati kwa aka. Mutha kuwasakaniza ndi a mvula. Ine mvula ikakhazikika mu Januwale ndimatchera mabeseni pabwalo, kutali ndi denga, chifukwa madzi otsika pa malata amabwera ndi fumbi ndi dzimbiri. Koma musamavutike kuthamangitsa nambala ya pH sabata iliyonse ndi mankhwala. Tiramirezi tobadwira m'mathanki timazolowera pH ya cha m'ma 7 bola ikhale yosasinthasintha.

Pali china chimene mabuku a kunja satchula kawirikawiri chifukwa eni ake salimbana ndi malungo monga ife. Mankhwala opopera udzudzu ndi makoilo oyatsa aja ambiri muli mankhwala a gulu la pyrethroid, amene ndi oopsa kwambiri kwa nsomba, ngakhale atakhala ochepa zedi. Pampu ya mpweya imakoka mpweya wa m'chipinda n'kuulowetsa m'madzi. Mukamapopera pabalaza ndiye kuti mukupoperanso mu thanki. Kwathu pabalaza sitipopera. Kuchipinda tili ndi masikito. Udzudzu womwewo ndaupezera ntchito ina: ndikapeza mphutsi zake m'chidebe chilichonse pakhomo, ndimazisefa n'kuziponya mu thanki, madziwo n'kutaya. Tiramirezi timazilimbirana kuposa chakudya chilichonse cha m'botolo. Kuweta dala udzudzu ayi, anansi angandithamangitse.

Tsopano za okhala nawo. Mukamvetsa za kutentha, mndandanda umadzilemba wokha, chifukwa nsomba zopirira madigiri 28 tsiku ndi tsiku si zambiri. Goldfish ndi ya madzi ozizira ndipo imadetsa madzi ngati nkhumba. Neon tetra, imene aliyense amaikonda, imakhala bwino pozizirirapo; pa 28 imatha msanga. Mbale wake cardinal tetra, wa ku Rio Negro ndi ku Orinoco komweko, ndiye woyenera, ndipo ine ndili nawo khumi. Rummy-nose tetra nayenso amapirira kutentha kumeneku. Pa tinsomba ta pansi totchedwa Corydoras, mtundu wa sterbai ndi umene umapirira kutentha, ngakhale mu thanki yaing'ono ndingakulangizeni kuti muziganize kawiri, chifukwa pansipo ndi pabwalo pa karamirezi, ndipo Corydoras sadziwa malire a munthu. Tiger barb amaluma zipsepse. Pleco wamba amene amagulitsidwa ali ngati chala kuti azipukuta galasi amakula kupitirira masentimita 30. Mbuna ndanena kale.

Ma cardinal aja ntchito yawo si kukongoletsa kokha. Ndisanawaike, tiramirezi tatsopano tinkangobisala kuseri kwa chikuni. Atalowa, pasanathe masiku awiri tinatuluka. Kuthengo kansomba ka pansi kamayang'ana tinzake ta pamwamba: tikamasambira poyera ndiye kuti kumwamba kulibe mbalame. Vuto lawo ndi limodzi, dyera. Chakudya chikangogwa amachitha chisanafike pansi, pomwe karamirezi kamadya ngati mkamwini wa chaka choyamba, kuyang'ana kaye, kutola kamodzi, kulavula, kutolanso. Ndimawaza chakudya choyandama kumanzere kuti ma cardinal atanganidwe, kenako n'kumiza china kumanja. Mukaona mimba ya karamirezi ikulowa m'kati, ndiye kuti kakugona ndi njala pakati pa chakudya.

Malo apansi ndi ofunika kuposa kutalika kwa thanki. Banja limodzi limafuna pansi posachepera masentimita 60 m'litali ndi 30 m'lifupi, pa mchenga wosalala osati miyala yakuthwa, ndi zomera kapena chikuni chotchinga kuti wothamangitsidwa athe kuzimiririka pamaso pa mnzake. Atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo mu thanki ya malita 80 mwambi umenewu ndi lamulo. Kusiyanitsa sikuvuta tikakula: kakakazi kamakhala kocheperapo, mimba yofiirira ngati pinki, ndipo m'kati mwa banga lakuda la pambali mumaoneka timadontho ta buluu, kakamuna minga yakutsogolo ya chipsepse cha pamsana imatalika. Koma kugula kamuna ndi kakazi si ukwati. Timasankhana tokha, ndipo tikakanana kamodzi kamazunza kanzake mpaka kufa. Ulendo wachiwiri ndinakhala pa benchi kwa wogulitsa uja pafupifupi ola lathunthu, ndikuyang'ana tiwiri timene tinkayendera limodzi n'kumathamangitsa ena pakona imodzi. Ndinatenga timeneto. Ndinakana tonenepa tofufuma mimba totchedwa balloon, ndi tobiriwira thupi lonse totchedwa electric blue. Kukongola kwake kunabwera ndi kukwatitsa pachibale mobwerezabwereza, ndipo timakhala tofooka kuposa wamba.

Mu Ogasiti a malume anga anabwera kuchokera ku Nkhotakota kudzaonetsa maso kuchipatala, n'kukhala nafe masabata awiri. Ndi munthu amene wathera moyo wake wonse pa bwato. Tsiku loyamba anayang'ana thanki ija n'kungoti, "Mphwanga, sukulu inakupweteka." Koma ndinazindikira kuti TV sankaonera. Mpando wawo unkasunthira pang'onopang'ono kufupi ndi galasi.

Madzulo ena ndikuchokera kuntchito anandikodola ndi dzanja osatembenuka. "Khala pansi, usagwedeze. Akusesa pakhomo awa." Pakona panali kamwala kosalala kamene ndinatola mumtsinje, ndipo tiwiri tija tinali tikukajompha mosinthana, kuchotsa kachitsotso kalikonse. Mitundu inali itayaka kuposa tsiku lina lililonse, mimba ya kakakazi ili psuu. Kenako kakakazi kanatsika, n'kukhwekhwereza mimba pamwalapo pang'onopang'ono, kusiya mzere wa timazira ngati mapira. Kakamuna kanadutsa momwemo pambuyo pake. Mzere wina, kenako wina. Pofika nthawi ya nsima mwala wonse unali utadzaza. Amaikira 150 mpaka 300 nthawi imodzi. Atatha anayamba kulondera mosinthana, kamodzi kakukupiza mazira ndi zipsepse za pachifuwa, kanzake kakuthamangitsa cardinal aliyense woyandikira.

A malume anadikira nthawi yaitali kenako anafunsa, "Nanga awatola liti?"

Ndinati, "Satola, malume. Akhala pomwepo."

"Pamwala? Poyera chonchi?" Anapukusa mutu. Nsomba zimene iwo amazidziwa, chambo ndi abale ake pafupifupi onse a m'nyanja yathu, yaimuna imakonza bwalo pa mchenga kapena pamiyala, yaikazi n'kutola mazira kuwasunga m'kamwa mpaka ana ataswa, ndipo bambo ntchito yake imathera pomwepo. Anandiuza mmene chambo chogwidwa m'nyengo yoswana chimalavulira ana m'bwato, ndi mmene zimawawira kuona. "Koma uyu ndiye mwamuna," anatero akuloza kakamuna kaja. "Sakuchoka."

M'mawa mwake mazira onse anali atadyedwa ndi eni ake. Mabanja ang'onoang'ono amatero kawirikawiri maulendo oyamba. A malume anakhumudwa kuposa ine, ndipo tsiku lonse sanakayang'aneko. Ulendo wachitatu, iwo atabwerera kale kumudzi, mazira anaswa patatha masiku awiri ndi theka, makolo n'kusamutsa tiana ndi pakamwa kupita m'kadzenje kamene anakumba mu mchenga. Patatha masiku ena asanu kamtambo ka tinthu ngati nsidze kanayamba kuyandama mozungulira mayi. Mu thanki ya anthu ambiri sitikhalitsa. Ma cardinal anatola kamodzikamodzi mpaka kutsala zero. Ndinajambula kavidiyo tisanathe n'kutumiza kwa msuweni wanga kuti akawaonetse a malume. Yankho linabwera la mawu: "Uwauze a cardinal akowo kuti ndikubwera."

Anzanga akandifunsa ngati angagule, ndimawafunsa kaye ngati angadzuke 2 koloko usiku wa Julayi kukoleza mbaula chifukwa cha nsomba. Ambiri amaseka. Amenewo ndimawalozera kwa mbale wake, Mikrogeophagus altispinosus, amene amati Bolivian ram, wa ku mitsinje ya Mamoré ndi Guaporé ku Bolivia ndi Brazil. Ndi wokulirapo pang'ono, mitundu yake ndi yofatsa, koma amakhala bwino pa 24 kapena 25 ndipo amakhululuka zolakwa zimene karamirezi sikakhululuka. Ndikanayamba ndi ameneyo bwenzi nkhuku ija isakutchulidwabe m'nyumba muno. Ndimawauzanso kuti akadzatopa nazo adzandipatse ine kapena kubweza kwa wogulitsa, osakataya mu Lingadzi kapena mu Lilongwe. Madzi amenewo amakathira mu Linthipe, Linthipe n'kukathira m'nyanja. Malamulo a zausodzi saloleza kuika nsomba zachilendo m'madzi athu popanda chilolezo, ndipo aliyense wodziwa zimene Nile perch inachita ku Nyanja ya Victoria itaikidwamo m'zaka za m'ma 1950, kumene ma cichlid a mitundu pafupifupi 200 anazimiririka, sangatsutse. Karamirezi sikangameze chambo, koma matenda amene kanyamula sapempha chilolezo.

Pamene ndikulemba pano ndi kumapeto kwa Meyi, ndipo m'mamawa mwayamba kale kulasa. Dzulo ndayesa hita, ndatchaja power bank, ndagula thumba la makala, mabotolo awiri aja ali pansi pa tebulo. Usiku mayi akunyumba anatsegula sutikesi ya zofunda, anafufuza, kenako anaima pakhomo la kuchipinda manja ali m'chiuno.

"Abambo, bulangete lija anatipatsa pa ukwati lili kuti?"

Linali pabalaza, litapindidwa bwinobwino pambali pa thanki.